Sitalaka Ndinaiphunzitsa Ndekha Kukhitchini

Anzanga a mukomiti ya ogwira ntchito anandisankha kuti ndikayankhule pa chikondwerero cha pa 1 May, poti ndine ndimayenda ndi nyuzipepala kukhwapa. Ndinavomera msangamsanga. Koma ine mawu salowa m'mutu popanda wondimvera, ndiye madzulo aliwonse ndinkakayeserera kukhitchini, pamaso pa mayi amene amatigwirira ntchito pakhomo.

Iwo akukwecha mapoto, ine ndili chilili ndi pepala. Ndinawafotokozera za 1886, pamene antchito ku America ananyanyala ntchito pa 1 May pofuna kuti azigwira maola 8 okha patsiku. Ndinawauza za ku Chicago, kumene apolisi anawombera anthu pafakitale ya McCormick pa 3 May, ndi za mawa lake pamsonkhano wa pa Haymarket, pomwe wina anaponyera apolisi bomba. Woponyayo sanadziwike mpaka lero, komabe khoti linapeza anthu 8 olakwa, ndipo anayi ananyongedwa pa 11 November 1887. Ndikafika pa dzina la Albert Parsons, mmodzi wa onyongedwawo, ndinkatsitsa mawu ngati mlaliki wa pamaliro, kenako n'kuwakwezanso pa msonkhano wa ku Paris wa 1889 umene unasankha tsikuli kuti likhale la antchito.

Tsiku lina mayiwo anaimika dzanja mumphika.

"Abwana, maola 8 amenewo amayamba kuwerengedwa nthawi yanji?"

"Mukangoyamba ntchito, mayi."

Ndinayankha monyada, osakumbukira kuti munthuyu amayatsa mbaula 5 koloko m'mawa ndipo amachoka titadya mgonero.

"Nanga holideyo ndi ya a m'maofesi okha?"

"Ayi! Ndi ya wantchito aliyense!" Mpaka ndinamenya tebulo.

Pa 1 May ndinayankhula bwino kwambiri, anthu anaomba m'manja, ndipo chimwemwe chitandikwera ndinaitanira komiti yonse kunyumba kukadya nsima ya nkhuku. Tinapeza mbaula ili zii. Nkhuku ija, imene ndinalamula kuti iphedwe m'mawa, inali kupalasa pansi pa mtengo wa mango.

Mkazi wanga anali pakhonde akudzikupiza ndi nsalu. "Sanabwere. Akuti mwawauza ndinu. Inenso lero ndi langa, bambo, paja ndimagwira ntchito."

Ndinathamangitsa nkhukuyo kuzungulira nyumba nditavala tisheti ya bungwe, atcheya akundiuza kokhotera. Itagwidwa panalibe wofuna kuisosola. Nsima ndinaphika ndekha, inatuluka yosapsa, ndipo msungichuma anapempha madzi ambiri.

Pa 2 May mayi aja anafika 7 koloko, anagwira ntchito yawo bwinobwino, 3 koloko itakwana anamanga chitenje. Ali pageti anatembenuka mwaulemu.

"Abwana, aja ananyongedwa aja, za malipiro sananenepo kanthu? Mukamayesereranso mundiitane."