Bondo silidziwa kalendala

Ku London chifundo anachilemba m'malamulo. Ukapeza malo pa mpikisano wa London Marathon, kenako bondo n'kukutembenukira, amakusungira malowo mpaka chaka chamawa, bola ulipirenso. Ku Boston sanyengerera: wavulala, pepa, ukayambirenso. Mu 2023 m'pamene anafewako mtima, koma kwa amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene basi. Abambo a m'chiuno mowawa musadzivute n'kulemba kalata.

Kuno ku Zomba nafenso tili ndi wathu, Run4Reforestation, womwe anthu amathamanga paphiri kuti papezeke ndalama zodzalira mitengo. Ena amalembetsa makilomita 21 atakhala pampando ku Matawale, phiri akungolionera pazenera. Akafika pachitunda choyamba, msana umayamba kukumbukira ngozi ya zaka khumi zapitazo.

Koma akatswiri enieni a phirili salembetsa n'komwe. Ndi amayi otsika njira ya Potato Path atasenza mitolo ya nkhuni, ndi anyamata otsetsereka msewu wa ku Chawe ndi njinga zolemedwa, buleki yake ili nsapato. Amenewa akabinya phazi palibe fomu yowasungira malo, poti m'mimba simulandira kalata ya dokotala.

Tsono inu a mabondo osachedwa kudandaula, yambani kuzolowera chitunda lero. Mukavulala pumani, phiri silisamuka. Koma ndalama ya mitengo ija musabwere kudzaitanitsa.