Leicester City mu 2022/23 ndi asuweni a Daka ku Chipata

Leicester City ndi timu ya mpira ya ku England yomwe inatenga chikho cha Premier League mu 2016 ndi cha FA Cup mu 2021. Ku Chipata inatchuka kwenikweni mu 2021, itagula wosewera wa ku Zambia Patson Daka kuchokera ku Red Bull Salzburg. Poti dzina la Daka ndi lofala kum'mawa kuno, asuweni a mnyamatayu anamera ngati bowa. Mmodzi mwa iwo ndi mkulu wolemba danga lino, yemwe ubale wake ndi Daka umadzera kwa apongozi a neba wake wa ku Mchini. Mkuluyu anataya Arsenal, nagula jezi yabuluu pa salaula ku Kapata, n'kuyamba kunena kuti "ife a Leicester".

Nyengo ya 2022/23 inayamba ndi kutsanzikana. Goloboyi Kasper Schmeichel anapita ku Nice, Wesley Fofana ku Chelsea. Pa masewero 7 oyamba timuyi inatola pointi imodzi yokha. Brighton inaikwapula 5-2, Tottenham 6-2. Arsenal yotayidwa ija ndiyo inali pamwamba pa ligi. Masiku amenewo mkuluyu ankachoka koonera mpira mpira usanathe, ati kunyumba kwabwera alendo, ndipo wanjinga ankamuuza kuti adzere njira yopanda anthu.

Chipambano choyamba chinabwera mu Okutobala 2022, pomwe Leicester inagonjetsa Nottingham Forest 4-0, Daka n'kumwetsa chigoli ndi chidendene. Usiku umenewo msuweni anagulira anthu zakumwa ndi ndalama ya feteleza. Nkhani ya ndalamayo inakambidwa kunyumba mpaka nthawi yokolola, wolankhula ali mmodzi.

Pa 30 Disembala 2022, ku Liverpool, osewera a Leicester anamwetsa zigoli zonse zitatu za tsikulo koma anagonja 2-1, chifukwa Wout Faes anamwetsa ziwiri m'golo la kwawo. Anzake atamufunsa, mkuluyu anafotokoza kuti kumeneko ndiye kulemekeza eni mudzi. Palibe anamuvomera.

Mu Epulo 2023 mphunzitsi Brendan Rodgers anachoka, m'malo mwake munalowa Dean Smith. Apa mkuluyu, yemwe masamu anamukanika kusukulu, anasanduka katswiri wowerengera mapointi kuseri kwa katoni ya sopo. Mawerengedwe ake onse ankayamba ndi mawu akuti "ngati Everton italuza".

Pa tsiku lomaliza Everton sinaluze. Pa 28 Meyi 2023 Leicester inapambana West Ham 2-1, koma Everton nayo inagonjetsa Bournemouth 1-0. Leicester inathera pa nambala 18 ndi mapointi 34, itapambana masewero 9, kufanana mphamvu 7 ndi kugonja 22, ndipo inatuluka mu ligi limodzi ndi Leeds ndi Southampton. M'mawa mwake asuweni ambiri a Daka anakumbukira kuti agogo awo anali a Phiri.

Timuyi inabwerera mu Premier League mu 2024 n'kutulukanso mu 2025. Mkulu wolemba danga lino anabwerera nayo, n'kutuluka nayonso. Panopa akafunsidwa timu yomwe amachemerera, amayankha kuti iye amangokonda mpira wabwino basi, kenako amafunsa mtengo wa mtedza.