Injini Yosadziwa Penshoni

Ku England injini ikakalamba imapuma pa ntchito mwaulemu wake, ndipo ku Ellesmere Port kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za m'ngalande, kutanthauza mitsinje yochita kukumba imene mabwato a katundu ankayendamo, kumene injini zotere amazipukuta, kuzipaka utoto ndi kuziliza pa masiku osankhika kuti alendo olipira pakhomo amve kulira kwake. Ngakhale sitima ya Chauncy Maples ya pa nyanja ya Malawi, imene inapangidwa ku Glasgow m'chaka cha 1899, anaichotsa injini yake ya nthunzi mu 1967 n'kuikamo ya dizilo. M'boma la Chadiza mwambo wopumitsa injini sunafike, chifukwa injini imene ikutsokomolabe imaonedwa kuti ili ndi mphamvu zogaya chimanga.

Kholo la injini zina za m'zigayo ndi Lister ya ku Dursley, ya silinda imodzi, ndiye kuti chipinda chimodzi chopserera mafuta, imene inayamba kupangidwa cha m'ma 1930 ndipo eni ake anaisiya mu 1987, koma a ku Rajkot ku India anapitiriza kuibala. Injiniyi ili ndi magudumu awiri olemera amene amasunga liwiro, imazizira ndi madzi a mu mgolo, ndipo mphamvu yake imafika ku chigayo kudzera pa lamba amene kawirikawiri amakhala atasokedwa ndi waya. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wa usiku, nkhalamba zimenezi ndi zinzake za ku China ndizo zinadyetsa anthu nsima.

Pa chigayo chilichonse, kaya kwa Mlolo kaya kwa Zingalume, pamakhala katswiri wa injini amene sanagwirepo sipanala, ndipo mlembi wa nkhani ino ali m'gulu lolemekezekali. Ukatswiri wake unachokera pa kutumidwa ndi mayi a kunyumba thumba lili pa njinga, ndipo ntchito yake ndi kuima manja ali kumbuyo, kupendeka mutu, n'kulengeza kuti vuto ndi dizilo, mawu amene amawanena ngakhale lamba ataduka anthu onse akuona. Injini ikakana kulira, makanika amamupatsa handulo, chitsulo chopukusira, ponena kuti odziwa zambiri ayambe ndiwo. Luso loliza injini ndi kupukusa mpaka magudumu atathamanga, wina n'kugwetsa kachitsulo kotsekera mpweya, handulo n'kuisolola msanga isanabwezere pa chibwano. Mlembiyu amatha bwino gawo loyamba lokha, kenako amakhala pa thumba la gaga akupuma wefuwefu, pamene mnyamata amene sanamere ndevu akuiliza kamodzi kokha.

Amabwerera kunyumba tsitsi ndi nsidze zili mbuu, atakalamba kuposa injiniyo, ndipo mayi a kunyumba, amene za Dursley alibe nazo ntchito, amayeza ufa ndi dzanja n'kufunsa kumene kwapita chenji.