Ulemu kwa Bwana Uthenga wa Kampeni

Tiyeni tiwombe m'manja, anthu a kwa Khwethemule ku Thyolo, pakuti tapeza wandale wosaopa matope. Galimoto ya woimira chipani imatitimira m'misewu ya kuesiteti, koma Bwana Uthenga wa Pafoni amafika ali mbee, mpaka m'chitenje cha mayi amene wabereka dengu pakati pa mizere ya tiyi.

Mkulu wawo ali ku America, dzina lake imelo. Barack Obama, mu 2008 ndi 2012, ankalembera ovota pa imelo kuwapempha ndalama, iwo n'kumapereka. Tangoganizani, wovota kupatsa wandale! Kuno mkuluyo akadagona ndi njala, chifukwa foni ya mabatani simudziwa. Adatitumizira mng'ono wake, wamfupi koma waluso.

Luso lawo loyamba n'kaliridwe. Foni imalira chimodzimodzi ngati yalandira Airtel Money kapena Mpamba. Mayi atula dengu, kapitawo akuwaponyera diso, apukuta manja, atsegula foni mtima uli m'mwamba poganiza kuti mwana wa ku Joni wakumbuka kwawo. Apeza kuti akutchedwa wokondedwa. Nanga ndani wina wawatchula choncho chaka chonse? Pa sikelo amangowaitana ndi nambala.

Pa nkhani yomvera malamulo, palibe wowaposa. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti. Ena amazemba usiku ndi maenvulopu, koma Bwana Uthenga sadagawepo ngakhale kathumba ka mchere. Amagawa milatho, zipatala ndi feteleza wotchipa, zonse zokwana m'mizere itatu.

Ndiye kufatsa kwawo! Pamsonkhano munthu ukafunsa za malo olima, poti ku Thyolo minda yabwino idapita ku tiyi kuyambira nthawi ya thangata, anyamata a chipani amakuyang'ana moopseza. Bwana Uthenga afunseni zomwezo. Sakwiya, satukwana, sayankha n'komwe. Mayunitsi okha ndi amene amapita. Za kumene adapeza nambala yanu musawafunse, mungawachititse manyazi alendo.

Chachikulu, amadziwa nthawi yotsanzika. Pa 16 September 2025 tidaponya voti, chala chidada ndi inki, ndipo inkiyo isadafufutike n'komwe iwo anali atalongedza kale. Sadzatisokonezanso mpaka 2030. Batire yomwe mwatchajitsa pamsika idyedwe ndi angongole anu okha.