Kodi ku Domasi akufufuzabe chiyani?

Ine sindinapite patali ndi sukulu, ndiye mundithandize. Ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a boma otchedwa National Aquaculture Centre, kumene anthu ophunzira amafufuza za ulimi wa nsomba. Ntchito yoyesa kuweta nsomba kumeneko inayamba m'ma 1950, atsamunda asanachoke. Mpaka lero akufufuzabe. Chinatayika n'chiyani? Sanachipezebe? Nanga tsiku limene adzachipeze tidzamvera kuti, pa wailesi kapena kwa amfumu?

Nsomba zake ndi zomwe zija agogo athu ankadya: makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Akatswiri akuti makumba akakhala m'dziwe amafulumira kuswana, amadzazana, mapeto ake onse amapinimbira. Akutinso nsomba yaikazi imasunga mazira m'kamwa masiku ambiri osadya, n'chifukwa chake sikula. Ndiye mankhwala ake, akuti, n'kuweta zazimuna zokhazokha. Chabwino. Koma nsomba yaimuna inu mumaizindikira bwanji? Ndi ndevu? Nanga milamba, poti yonse ili ndi ndevu, mkazi ndi uti? Ndipo mlimi wa ku Mchinji akakolola amuna akewo n'kugulitsa onse, mbewu ina aitenga kuti? Azikwera basi chaka ndi chaka, ana a nsomba ali m'jumbo pamiyendo?

Za chakudya ndiye zandizunguza mutu. Poyamba alangizi ankati thirani madeya ndi manyowa a nkhuku mpaka madzi abiriwire, poti m'madzi obiriwiramo ndi momwe muli tizakudya ta nsomba. Alimi anathira. Nsomba zinatuluka zoti ziwiri zikwane pa mbamu imodzi. Tsopano akuti nsomba imafuna chakudya choyandama, chopangidwa pa makina kuchokera ku soya ndi chimanga, ndipo chambiri chakhala chikuchokera ku Zambia. Kodi soya si yemwe timalima ku Kasungu ndi ku Mchinji? Wathuyu sayandama?

Palinso nsomba ina yotchedwa Nile tilapia, yokula msanga. Kuno kuiweta n'koletsedwa, kuopa kuti ingathawire m'nyanja n'kusokoneza mtundu wa chambo chathu. Zimenezo ndazimva, ndipo chambo sindikufuna chithe. Koma anzathu a ku Zambia amaiweta pa nyanja ya Kariba, ndipo imalowa kuno itauma ndi ayezi, ife n'kumagula. Yamoyo ndi mdani, yakufa ndi ndiwo? Ngati yokula msanga tinaikana, yathu yoti ipikisane nayo ili m'dziwe liti?

Mwina mayankho onsewa alipo, analembedwa bwinobwino m'Chingerezi n'kuikidwa m'kabati. Nanga nsomba zinawerenga?

Inu amene mumadutsa pa Domasi popita ku Liwonde, tsiku lina tatsikani mukatifunsire mwaulemu. Musakatalikitse, anthuwo ndi otanganidwa. Mukangofunsa kuti ife odyera bonya, chambo cha m'dziwe tidzachikwanitsa kugula chaka chiti?