Manachesi ofewa ayambe kupita

Minibasi ya ku Blantyre inali ndi anthu asanu okha, koma kondakitala ankalumbira kuti tinyamuka pompano. Ife a ku Mwanza timamudziwa "pompano" ameneyu, choncho ndinatsika n'kukakhala pabenchi pafupi ndi amayi ogulitsa manachesi. Unali mwezi wa June, madengu ali tho, mathiraki opita ku Zobue atandanda m'mbali mwa msewu.

Pabenchipo ndinapezapo mtsikana wophunzira ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly isanapatuke ku University of Malawi mu 2021. Anali ndi amalume ake, mphunzitsi wa kupulayimale amene akuchita digiri ya Mzuzu University ali konkuno, mwa maphunziro apatali aja.

"Amalume, ndinabwera Lachisanu kuti ndilembe maasayimenti awiri. Lero Lamlungu, ngakhale mutu sindinalembe."

"Umatani masiku onsewa?"

"Lachisanu magetsi anathima, laputopu nayo zii. Dzulo amayi anati ndiwakhalire pamalonda, madzulo tinakagona kumaliro. Lero kwaya."

"Mwa awiriwo, akufuna msanga ndi uti?"

"Wa Lachiwiri."

"Nanga iwe umati uyambe uti?"

"Wa Lachisanu likubwerali. Ndi wosavuta."

Amalumewo anaseka mpaka kutsokomola. Analoza dengu la mlongo wawo. "Taona mayi akowa. Pamwamba aika ati? Ofewa, oti mawa awola. Olimbawo ali pansi, sakuthawa. Mayi ako sanapite ku yunivesite, koma sangagulitse olimba n'kusiya ofewa."

Kenako anafotokoza zawo. Amadzuka 4 koloko ana asanayambe kusokosa, foni ataitsekera m'kabati. Asanagone amalemba zinthu zitatu zokha kuseri kwa kope la masikimu, ndipo chachinayi sachilola. "Maliro sitikana, mphwanga. Koma akwaya ukanawapepesa, Mulungu sakanakwiya. Ukalemba sapu kapena akakuwida, akwayawo sadzakubwezera ngongole ya boma ija."

Ine ndinagwirizana nawo, koma osati kwathunthu. Amalumewo akatseka chitseko 4 koloko, pali wina amene akuwatenthetsera madzi osamba. Mwana wamkazi akafika pakhomo, anthu saona wophunzira za uinjiniya, amaona manja awiri owonjezera: mtondo, mbale, mwana wa achemwali ake. Akanakhala mnyamata, ndikukayika ngati akanam'khazika pamalonda tsiku lonse. Akanati musiyeni, akuwerenga. Malangizo a ndondomeko ya nthawi amakoma kwa munthu amene nthawiyo ndi yake.

Mtsikanayo sanatsutse. Anangoti, "Nanga amayi ndingawakanire bwanji, poti ndalama ya thiransipoti yachokera m'dengu lomwelo?"

Apa amalume anakhala chete, n'kuyamba kusenda nachesi. Patapita kanthawi anati, "Chabwino. Kuchoka pano kukafika ku Chichiri ndi maola awiri, kuphatikiza kuima pa Zalewa. Tulutsa kope, ulembe mfundo za wa Lachiwiriyo uli m'galimoto."

Minibasi inadzaza dzuwa litapendeka. Mtsikana uja anakhala kutsogolo kwanga, kope pamiyendo, cholembera m'manja. Injini italira, amayi ake anathamangira pazenera n'kumutula thumba la manachesi pamwamba pa kopelo.

"Awa ukasiye kaye kwa azakhali ako ku Ndirande usanapite kusukulu. Ukawathandizenso kuphika, mwendo ukuwavuta."