Ulemu kwa Kanjerewere Kofiira

Popeza alembi anzanga atha inki yawo potamanda mafumu ndi makina aakulu, ine ndasankha kugwada pamaso pa kanjerewere kofiira kokhala phee pakati pa zilembo G, H ndi B pa kiyibodi ya kompyuta ya ThinkPad, kamene eni ake a IBM anakatcha TrackPoint pokatulutsa m'chaka cha 1992.

Bambo Ted Selker, amene anakapanga, atamva kuti dzanja la mlembi limataya magawo atatu mwa anayi a sekondi popita kukagwira mbewa ya kompyuta, ndi nthawi yonga yomweyo pobwerera, anagwidwa chifundo chachikulu. Ndipo pofuna kutiwombola ku ulendo woopsawo, anatha zaka akuphunzitsa kanthu aka kumva kulemera kwa chala, kuti ukakanikiza pang'ono kamuvi ka pagalasi kakwawe ngati nkhono, ukakanikiza kolimba kathamange ngati gwape. Makolo anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma taonani, chala chimodzi chalanda udindo wonse wa mbewa, dzanja osachoka pazilembo.

Koma ulemerero wake woposa uli m'kusamvera kwake. Pulogalamu yake inalangizidwa kuti ikaona mphamvu yosasintha kwa kanthawi, iziyesa kuti palibe wokakhudza. Motero mlembi amene wakanikiza mofatsa, akachotsa chala, amaona kamuvi kakunyamuka kokha kulowera kumene sanakatume, monga mbuzi yodula chingwe, iye n'kungopinda manja kudikira kuti kabwerere m'nzeru zake. Ndi mphunzitsi uti anatilangizapo kuleza mtima chotere osalipiritsa ngakhale tambala? Ndiponso kachipewa kake ka labala kakaperepeseka, chala chimaterereka ndipo nsonga yake imawawa, kuti mlembi angadzikuze naiwala kuti nsima imadyedwa ndi thukuta.

Pamene a Lenovo analowa ufumu wa ThinkPad m'chaka cha 2005, anasintha zambiri m'bwalomo, koma kanjerewere anakasiya pampando pake, pakuti mfumu yatsopano yanzeru sichotsa nduna yodziwa njira zakale. Tsono inu owerenga, tsiku limene mudzakaone, musadzakapale ndi chikhadabo poyesa kuti ndi kanjere ka tsabola kogwa m'ndiwo. Kavulireni chipewa, mukakhudze mwaulemu, ndipo kamuvi kakathawa, kadikireni.